Mtengo Wobala Mitengo

Ndine ndimasunga buku la ndalama,
ndiye funsani ine, osati mphekesera za pa mjigo.

Tinalipo makumi asanu m'kalabu ya pa Kamwendo.
Aliyense thumba limodzi la soya;
opanda soya anabwera ndi mtedza woswa.
Zelipa anakoka mbuzi yake kuchokera kutsidya kwa dambo
ikulira njira yonse,
ine n'kulemba: mbuzi imodzi, ya bere.

Amuna anga anati,
"Anzeru amagula chigayo.
Chigayo umachimva kulira, umatulukamo uli mbuu.
Inu mukugula chiyani, mpweya?"
Ndinakhala chete. Yankho ndinalibe.

Anyamata a ku Lilongwe anauzika Lachinayi
kuseri kwa nyumba yosungiramo mbewu:
mtengo wachitsulo, wopanda tsamba, wopanda mthunzi,
mbale yoyera kunsonga, sola m'chiuno.
Khwangwala anauzungulira kawiri, osatera.

Miyezi itatu tsamba la phindu linali mbee.
Ndinkalitsegula usiku
ngati munthu wosuzumira bala lake.

Kenaka kunafika Fedisoni wa sikelo,
uja kilo yake imadya kilo ndi theka.
Anatchula zake, maso ali kumitambo.
Dailesi, mwana wa Fomu 3, anangotukula foni:
"Ku Kanengo lero akugula mwakuti,
ku Chipata mwakuti,
ndipo lole ibwera Loweruka
tikakwanitsa matumba mazana awiri."
Fedisoni anatsokomola,
anamasula sikelo pa nthambi ya mango, ulendo.
Tsiku limenelo ndinaseka ndekha panjira:
chozikidwa pansi timati mtengo,
chotchula wogula timatinso mtengo,
ndipo wathu wouma uja wabala mnzake.

Musaganize kuti zonse zinali nthungululu.
Mphenzi ya mu Januwale inawotcha kabokosi,
tinasonkhanso, ena akutukwana pansipansi,
asanu anafufutitsa mayina awo.
Mlamu wanga anamwaza ndalama ya feteleza
pobetcha mpira wa kutsidya kwa nyanja
atakhala patsinde pa mtengo womwewo.
Chimanga chake chaka chino n'chachikasu ngati dzungu.
Ndinasaka mzere wolembapo zimenezo,
buku langa lilibe.

Koma aphunzitsi amalipira mwezi ukatha,
wa golosale amalipira,
telala Mayikolo amalandira miyeso ya mayunifolomu
kuchokera ku Kapiri osakwera njinga,
naye amalipira, ngakhale mochedwa.
Zelipa tinam'bwezera mbuzi ziwiri.
Anaziyang'ana mano, nati yake ija inali yonenepa kuposa izi.

Pa msonkhano wa pachaka anandiimika:
"Msungichuma, tapindula zingati?"
Ndinawerenga mosathamanga.
Mpamba unabwerera m'chaka chachiwiri, mwezi wa mtedza.
Yotsala ikhoza kugula malata makumi atatu,
kapena batire lina, musankha nokha.
Anawomba m'manja pang'ono,
monga achitira anthu amene amayembekeza lole
n'kuona ngolo.

Zimene sindinawerenge ndi izi:
maulendo amene sitinayende.
Basi imene Dailesi sanakwere
kukasiya kalata yofunsira malo ku koleji,
koma malowo n'kuwapeza.
Usiku umene mayi ake a Litita
anaona nkhope ya mwana wawo ali ku Joni,
n'kum'kalipira kuti waonda.
Zimenezo mungaziike pa sikelo ya ndani?

Dzulo madzulo ndikutseka ofesi
ndinapeza amuna anga patsinde paja,
tomato wamawanga akuda kudzanja ili,
foni kudzanja linalo.
Sanandiyang'ane kumaso.
"Amayi, mawu achinsinsi aja,
amayamba ndi chilembo chanji?"

Ndinatsegula buku, ndinanyambita pensulo.
"Mpweya umenewu, bambo,
ndi faifi handiredi pa sabata.
Ndilembe dzina lonse?"