Kumbuyo kwa Bokosi la ku Joni

Katoni inafika Lachitatu pa basi ya ku Joni.
Wa kabaza anaikoka kuchokera pa depoti
mpaka kwathu kwa Mponda, thukuta lili kamukamu,
nati, "Mayi, akutumizirani mwala?"
Pamwamba panali dzina langa, Sitawa Lajabu,
m'zilembo zanu zija zopendekera kumanzere.

M'kati munali bokosi lakuda lopanda nkhope.
Kutsogolo kabatani kamodzi ndi chopotokola, basi.
Nkhani inali kumbuyo:
mabowo pamzere pamzere ngati chisa cha mavu,
ofiira, oyera, achikasu,
ena ophwatalala ngati pakamwa pa mlamba.
Buku la malangizo lili m'zinenero zisanu ndi ziwiri.
Chiyao mulibe. Chichewa mulibe.

Munaimba usiku mutaweruka.
"Sitawa, mvetsetsa. Limenelo silifuula lokha.
Ntchito yake n'kulandira alendo
n'kusankha woti alankhule.
Dikoda ilowe khomo loyamba, dividi lachiwiri.
Nthambo yophwatalala ipite ku kanema,
yofiira ndi yoyera zipite kwa mkulu wake, ampulifaya,
ndiye amene amadyetsa masipika.
Usayatse usanamalize."

Ndinagwada pa simenti, foni nditaipana ndi phewa,
Twaibu akuwunikira ndi tochi yofooka mabatire,
nthambo zitapiringizana m'miyendo
ngati ukonde umene wagona pa chitsa.
Chofiira kwa chofiira, choyera kwa choyera,
ngati kusankha nyemba m'lichero.

Tinayatsa.
Chithunzi chinabwera: bambo wa taye akuwerenga nkhani,
kukamwa yasamu yasamu ngati nsomba m'beseni,
mawu zii.
"Zula yachitatu," inu muli kutali,
kumbuyo kwanu sitima ikudutsa.
Ndinazula, ndinasomeka pena.
Masipika anayamba kung'ung'udza ngati njuchi m'mphako,
kenako mawu anaphulika, nkhuku zinadzidzimuka m'khola,
koma kanema anada bii.

Twaibu anayang'ana galasi lakudalo
limene limalankhula za mtengo wa feteleza,
nati, "Ngati ababa."

Sindinamudzudzule.
Munachoka asanagweruke dzino ngakhale limodzi.
Lero ali sitandade faifi,
amakudziwani ndi khutu.
Inu munafunsa kuti mwana wati chiyani.
Ndinati netiweki.

Cholakwika ndinachipeza ndekha m'mawa,
mzikiti utangoitana, dzuwa lisanayambe kuluma malata.
Nthambo yolowa ndinali nditaisomeka potulukira.
Mabowo awiriwo ndi ofanana ngati mapasa,
kukula kumodzi, mtundu umodzi,
koma lina limalandira, lina limangopereka.
Ndinakhala pansi kanthawi ndithu,
nthambo ili m'manja.

Pano zonse zikuyenda.
Loweruka mpira ukayamba mawindo amanjenjemera,
a Mdoka oyandikana nafe amabwera ndi mpando wawo,
ana amadzaza khonde mpaka pa mjigo.
Ndaphunzira kusintha alendo ndi chala chimodzi:
dikoda, dividi, wailesi.
Nthambo iliyonse ndaimanga kansanza ka mtundu wake
kuti ndikasesa ndisasokoneze.
Magetsi akathima ndimazula zonse kukhoma
monga munanenera.
Akazi anzanga amati ndili ndi mwayi,
mwamuna wotumiza.

Koma kumapeto kwa mzere wapansi
latsala bowo limodzi lopanda nthambo yake.
Ndinasanthula m'katoni, ndinakutumula mapepala onse.
Nditafunsa munaseka:
"Limenelo n'la maikolofoni yoyezera chipinda.
Pamafunika munthu akhale pakati pa nyumba,
pampando wake weniweni,
makina amve pomwe khutu lake lili.
Ndidzachita ndekha ndikabwera pa Idi."

Idi yadutsa kawiri.
Mavu a dothi ayamba kuzungulira kuseri kwa kabati,
akufuna malo omangapo.
Dzulo ndinang'amba kansonga ka mpango wanga wakale,
ndinakapota ndi malovu,
ndatseka bowolo.
Mukadzafika mudzangosolola.