Nthumwi ya ku Chinamwali

Anandisankha Lachiwiri, kuseri kwa chigayo cha Che Likwata.
Manja makumi awiri ndi asanu ndi atatu m'mwamba,
limodzi la mwana wongotsanzira amake.
Akuti, pita ndiwe Abiti Sumaili,
telala saphonya mzere.

Chiyambire tsikulo khonde langa lasanduka bwalo.
Makina akulira, anthu akulalata,
ulusi ukudukira pakati pa mkangano.

Atatu akulimbirana mpando umodzi.
Chipani chimodzi, mtundu wa nsalu umodzi,
kusiyana nkhope zokha.
Ndawasoka onse.
Mkulu uja ndinamudula khutu kuti akwane pa bulauzi,
wamagalasi ndinamupindira mumpendero wa siketi,
mayi uja anagwera kumsana kwa shati ya wakabaza
ndipo tsiku lonse amamwetulira otsala m'mbuyo.

Che Likwata akuti tisankhe mkuluyo,
akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.
Nasibeko watula dengu la mapichesi a ku Chawe,
wafunsa, moto wake uti?
Ife mpaka lero tikupsa.

Lonjezo anamaliza ku Chanko zaka zitatu zapitazo,
digiri ili m'sutikesi, iye ali pa depoti ndi mayunitsi.
Akufuna wamagalasi,
akuti yekhayo ndiye amatchula manambala osayang'ana pepala.
Amayi a banki m'khonde akufuna mayi mnzawo.
Apongozi anga safuna zambiri,
funso lawo ndi limodzi:
kwawo n'kuti?

Lachinayi usiku kunaima galimoto ya magalasi akuda.
Envelopu. Akuti ya thiransipoti chabe.
M'mawa mwake kunabwera ina, yonenepa pang'ono,
wobweretsa anandiitana kuti amayi athu
ngakhale timalingana msinkhu.
Wachitatu anatumiza uthenga pafoni,
dzina langa atalilemba molakwika.

Fizi ya Mwandida sinathe kulipidwa.
Izi sindinauze munthu.

Ndinachapa zotsalira za nsalu zitatu zija
m'beseni limodzi, ndi madzi ogula,
pakuti mpopi wathu unauma
damu lili pamwamba pathu pomwepa.
Ndinkafuna ndione wosasuluka.
Onse anasuluka mofanana,
madzi anada, sindinadziwe utoto wa yani.

Ntchito yanga inandiphunzitsa chinthu chimodzi:
chovala umachitembenuza.
Kunja aliyense ndi wosalala.
Mkati ndimo muli msoko,
pomwe munthu anathamanga, pomwe anabisa pong'ambika,
pomwe anabwerera kukalimbitsa popanda womuona.
Koma anthu awa ndiwatembenuza bwanji
poti ndimawaonera patali, ali pansanja,
fumbi la magalimoto awo lili m'maso?

Usiku ndinawerenga zomwe ndikudziwa.
Bambo a Mwandida atagona pansi kuchipatala chachikulu
tinauzidwa kuti mankhwala tikagule kunja.
Likangala atadzaza n'kutenga munda wa achemwali
kunabwera makamera, kenako zii.
Ndinayesa kuika nkhope iliyonse pambali pa masiku amenewo.
Imodzi yokha sinandichititse manyazi kwambiri,
ndipo si ya envelopu yonenepa.

Lero basi ikunyamuka mamawa.
Phiri lafunda nkhungu mpaka m'chiuno,
sadziwa n'komwe kuti kuli chisankho cha chipulula.
Lonjezo wandinyamulira chikwama, akundinong'oneza dzina.
Nasibeko wandipatsa mapichesi anayi, akunena lina.
Che Likwata angokweza dzanja ali mbuu ndi ufa.

Ndanyamula manja onse aja,
ngakhale la mwana.
Maenvelopu ali pamfundo ya chitenje,
imodzi ndinaitsegula, sindinama.

Akuti kumeneko ukalowa wekha kuseri kwa katoni,
cholembera chomangidwa pachingwe,
mabokosi atatu aang'ono ngati mabowo a mabatani.
Ndikachigwira monga ndigwirira singano.
Ndikabaya pamodzi.

Makina ndawafunditsa nsalu.
Diresi la Nasibeko ndalisiya ndi mapini,
ndidzamaliza Lolemba
ngati adzandilankhule.