Mphindi Khumi Zoiwalira

Rauta yakale inapsa ndi mphenzi ya Lachiwiri,
usiku umene mvula inatsetsereka ku Soche
ngati ikulondola wangongole.
Yatsopano ndagula ku Limbe,
yoyera, ya nyanga zinayi,
ikadanunkha pulasitiki.

Ndachita monga kapepala kanenera:
chingwe chochokera ku modemu
chilowe pabowo la buluu, osati achikasuwo.
Kanyale koyamba kabiriwira. Kachiwiri kabiriwira.
Kachitatu, kojambulidwa dziko,
kangoti psuu,
diso la mlonda m'bandakucha.

Ndasintha chingwe. Ndauzira m'bowo.
Ndatukwanako pang'ono, chamumtima,
chifukwa pabenchi pali atsikana atatu
ndi mafomu a koleji,
ndipo akutseka lero, folo koloko.

Ganizani wayankha ali mu minibasi ya ku Chirimba,
mawu ake akuphana ndi a kondakitala:
"Mayi, modemuyo ilibe vuto.
Imagwira dzina la makina amene inazolowera,
lina siilifuna.
Ikudikirabe yakale ija.
Zimitsani zonse, mphindi khumi, iiwale.
Poyatsa muyambe iyoyo, mlendo pambuyo."

Ndagwada kunsi kwa kauntala.
Kuno n'kwa Bizwiki.
Batire ya galimoto imene anamangirira
kuti magetsi akathima ife tisathime,
mfundo zake za waya, zopotera kumanzere,
tepi yakuda imene ankadula ndi mano.
Zaka zinayi chimuikireni ku HHI
ndipo modemuyi sinatsinzinepo.

Palibe anaiuza.

Ndamasula kawaya kofiira.
Mushopu mwangoti zii,
mpaka ndikumva mnyamata wa chimanga chootcha
akukupiza makala kutsidya kwa msewu.
Mtsikana mmodzi akuwerenga mphindi pafoni.
Ine ndikuwerenga zina.
Zisanu ndi chimodzi. Bondo layamba kuwawa.
Sindidzuka.

Khumi.
Modemu ikuphethira, ikuphethira,
ngati wodzuka m'nyumba ya eni.
Ndayatsa mlendo.
Kufiira. Kufiirabe.
Kenaka, popanda mwambo uliwonse,
kadziko kaja kabiriwira.

Atsikana alumphira pakompyuta,
wina wagwetsa ambulera.
Rauta ikufunsa mawu achinsinsi atsopano,
zilembo zosachepera zisanu ndi zitatu.
Ndatembenuza yopsa ija.
Kumimba kwake kuli kapepala komatidwa,
dzanja lake lopendekeka, inki yofwifwa.

Ganizani akanati musinthe, mayi, n'zoopsa.
Ndalemba omwewo.
Modemu yaiwala m'mphindi khumi.
Imeneyo ndi ntchito yake.