Machesi

Khoma lotilekanitsa ine ndi Lusubilo
ndi la njerwa imodzi, yosawotcha.
Ndimamva mwana wake akayamba chifuwa.
Ndimamva Chawezi akafika,
njinga yake ya sakaramento ikagunda chitseko,
matope a ku Chibavi ali kumatayala.

Zimayamba ndi chenje:
faifi handiredi ya m'mawa ija yapita kuti?
Kenako foni: nambala iyi ndi ya ndani?
Kenako wailesi imakwezedwa.
Mdadada wonse tikuidziwa ntchito ya wailesi imeneyo.

Mtsikanayo ali ndi zaka sikisitini.
Siketi yake ya yunifolomu anaidula matewera.
Bulauzi yokha anaisiya,
yopindidwa, pansi pa matiresi.

Kusikelo ku Mapale anati anaterereka potunga madzi.
Ndani angatsutse? Kuno mvula imawaza chaka chonse.
Analemba kulemera kwa mwana,
makilo asanu ndi theka.
M'kabukumo mulibe mzere wolembapo diso la mayi.

Amayi ake ku Ekwendeni anayankha pafoni:
tinakutuma kusukulu, iwe unabwerako ndi mimba,
pirira.
Mayunitsi anathera pomwepo.

Ine sindine wolimba mtima.
Ndimagulitsa tomato ku Zigwagwa,
ndipo ndili ndi dzino langa lomwe linatsala ku Rumphi
m'nyumba ya mwamuna wina.
Chomwe ndimatha n'kugogoda.
Odi kuno, tigaireni machesi.

Wailesi imatsika.
Chawezi amatsegula akupuma ngati wakwera chitunda cha ku Masasa,
amandiyitana kuti amama,
amandipatsa bokosi lonse.
Kuseri kwake ndimaona phazi laling'ono
likufunafuna silipasi.

Pawindo langa pali mabokosi khumi ndi anayi.
Sindinayatsepo ndi limodzi lomwe.

Lachiwiri lapitali, folo koloko m'bandakucha,
nkhungu itatseka ngakhale chimbudzi,
wina anagogoda kwanga.
Mwana kumsana, jumbo m'manja,
kolala yoyera ikusuzumira pakamwa pa jumboyo,
mlomo wotupa.

Anati: amama, tigaireni machesi.

Ndinamuveka juzi langa.
Tinadutsa njira ya kuseri, yam'mbali mwa dambo,
kulunjika kupolisi,
ku kachipinda komwe amamvera nkhani za amayi.
Sindikudziwa ngati sadzabwerera.
Ine ndinabwererako katatu.

Panjira anandifunsa
ngati folomu thuu amalandira munthu wa mwana.