Kabokosi Kosagona

Foni ya Adelina inagwera mu Revubwe mwezi wa Febuluwale,
inapita ndi mawu a bambo ake
akuseka pa ukwati wathu ku Ulongwe,
jekete litawakulira m'mapewa.
Foniyo sanailire. Analira mphindi zinayi za kanemayo.

Ndiye lero ndakwera chapa ku Moatize,
ndawoloka milatho iwiri,
ndili kwa Selestino Jamise, kuseri kwa msika wa Kwachena,
m'thumba mametikali zikwi khumi ndi ziwiri
ndi kapepala ka mwana wanga Benvinda
kodzaza mawu ondipinda lilime.

Aphunzitsi, mukufuna chiyani kwenikweni?
Ndikuti, kabokosi kosagona,
kokhala pansi pa tebulo usana ndi usiku,
kosunga makanema onse a pakhomo,
kuti tivi ya pabalaza ndi foni ya aliyense
zizitunga pampopi umodzi.

Akundilozera chimakina chakuda chochokera ku ofesi ya mgodi,
msinkhu wake chigubu cha malita makumi awiri.
Wachiyatsa. Chikulira ngati chigayo chakutsidya.
Mphamvu zilipo, akutero,
koma mayunitsi chimamwa osapumira.
Ndikukumbukira mita yathu ikulira pakati pa usiku,
ife amene mawaya a ku Songo
amatidutsa pamutu popita kwa ena.

Pambali pake pali kena konyozeka,
kokwana m'manja awiri, kokalika pakona.
Purosesa yake yaona zaka zisanu ndi ziwiri
koma kanema mmodzi, awiri, imasenza osabuula.
Ramu ndi magiga asanu ndi atatu.
Benvinda analemba owirikiza pamenepo.
Selestino akuseka: mwanayo akufuna lole
yonyamulira dengu limodzi la masawu.

Pa disiki ndi pomwe tikukokanakokana.
Yatsopano ya matera awiri ikudya theka la thumba langa.
Yakale ya matera anayi ndi yotchipa,
koma ndatchera khutu ikuzungulira,
ndamva ke, ke, ke,
nankafumbwe ali pantchito m'thumba la chimanga.
Tinadalirapo kale kanthu kamodzi. Mtsinje unatenga.
Ndipatseni ziwiri zazing'ono, ndikutero, tera imodziimodzi,
ina izikopera inzake Lamlungu lililonse
kenaka izikagona m'chitini cha mabisiketi
kwa mlamu wanga ku Matundo.

Za kutentha sitichulutsa mawu, tonse ndife akuno,
Okutobala timamudziwa.
Akundiwonjezera kafani ka mazana awiri
ndi kachidutswa ka neti kotchinga fumbi la malasha,
lija timalipeza m'mawa pa mbale zotsuka dzulo.
Wayifayi iwalani, akuti, kokani waya kuchokera pa rauta,
khoma la njerwa zootcha sililola mphekesera kudutsa.
Batire yogwiriziza magetsi akathima
ndaigwira, ndaitembenuza, ndaibwezera pashelefu.
Idikire malipiro a Disembala.

Atsala mazana atatu.
Chapa, ndi botolo la madzi ozizira.

Pa mlatho wa Zambezi ndafungatira katoni pamiyendo.
Mayi wina akufunsa ngati muli anapiye.
Ndikuti ayi mayi, mulibe kanthu,
ndipo sindikunama:
ubatizo wa Benvinda sunalowemo,
ngakhale ngoma za ku Domwe,
ngakhale chigoli chija ana a sukulu yanga anamwetsa
wojambula akuyang'ana kumbali.
Zonsezo tikathira madzulo ano, foni ndi foni,
anansi atabwera ndi zawo.

Msuweni wina ku Tsangano akuti
mwina, sakulonjeza, mwina anajambulako tsiku la ukwati lija,
ataima kumbuyo kwenikweni, dzuwa likumuthobwa m'maso,
pafoni yomwe tsopano ili m'dirowa, galasi losweka.
Sindinamuuze Adelina.
Ndangosiya malo m'kabokosimu,
kachipinda kosesa, kopanda kanthu,
pakhomo pake ndikalemba: Lusiyano Sandramo, akuseka.