Wa Chaka Chamawa

Pa nsanja yachitatu ya msika wa Guanghua,
pomwe mvula ya Taipei siimveka
koma imalowa ndi maambulera,
a Liao abweranso.
Akhazika kompyuta yawo patebulo langa
ngati wodwala amene sakumva kupweteka paliponse.

"Pei-lan, wamva?
Akuti purosesa wa chaka chamawa
adzakhala ndi mitima makumi atatu ndi iwiri.
Akuti sadzatentha.
Akuti..."

Ndimasula timisomali tinayi.
Fani yatsamwa fumbi ndi ubweya wa mphaka.
Pansi pake phala lotuwa lija lauma,
lang'aluka ngati utoto wa khoma lakale.

Kanthu kake nkochepa, sikaposa bisiketi,
koma m'chisa chake mwandandalika timano ta golide
toposa chikwi,
ndipo kamodzi kokha kakapindika
nyumba yonse imathima.
Apa sindipuma, sindiyankha munthu.

A Liao amajambula milatho yomwe sinamangidwe.
Madzulo amasiya makina akuwerengera,
m'mawa amapeza mlatho wafika pakati pa mtsinje,
waima, ukudikira.
Zaka zitatu ndalama zili mu envelopu.
Watsopano akangotuluka
mphekesera za mng'ono wake zimakhala zagogoda kale,
envelopu n'kubwerera m'thumba la jekete.

Lero ndatulutsa wa chaka chino.
"Uyu alipo," ndatero. "Mugwireni.
Wamawayo adakali mchenga ku Hsinchu.
Mlamu wanga amamulondera usiku
atavala zoyera mpaka m'maso,
ndipo naye tsiku lake salidziwa."

Aseka pang'ono. Apukuta magalasi.
Tiyi wawo wazizira m'kapu yapepala.
Kenaka envelopu ija, yofewa m'makona,
yagona patebulo.

Ndimukhazika m'chisa mosakankha,
nditsitsa kachitsulo, ndimva kuti tswi.
Kadontho ka phala, njere imodzi ya mpunga.
Fani, mawaya, batani.

Mdima pa sikirini.
Masekondi awa ndi amene andimeretsa imvi.
Kuseri kwa khoma wina akukangana za mtengo wa kiyibodi,
pansi njinga zamoto zikulira pa maloboti,
a Liao agwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse.

Ndiye zilembo zoyera, mzere umodzi, wachiwiri.
Wadzuka.

Wakaleyo ndimuponya m'botolo lagalasi
lomwe lili pashelefu kumbuyo kwanga.
Alimo ambiri, amalira ngati makobili ndikaligwedeza.
Aliyense wa iwo anali wa chaka chamawa,
aliyense anasowetsa munthu tulo.

A Liao anyamula bokosi lawo ngati khanda,
alikuta ndi pulasitiki kuopa mvula.
Usiku uno mlatho uwoloka mtsinje
iwo asanamalize kutsuka mano.

Afika pa masitepe oyenda okha.
Foni yawo yawala m'thumba.
Aima, aika bokosi pabondo, awerenga,
atembenuka:

"Pei-lan, akuti..."