Dzira Lopanda Chigoba

Ndinapisa dzanja m'chisa monga mwa masiku onse,
mumtima ndikuwerenga kale: sopo, mchere, machesi.
Chala chinangomira.
Dzira linali lofunda, lofewa ngati chikhodzodzo cha mbuzi,
likunjenjemera pachikhatho,
chikasu chikuonekera mkati ngati koloboyi kuseri kwa katani.
Makala anali pakona, mchira pansi,
akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Ndinamugula chaka chatha ndi ndalama ya soya,
msoti wa mikolongwe, wakuda bii.
Ndinamubereka m'chitenje kuchokera pa Kamwendo,
kuwoloka madambo awiri,
anyamata a kabaza akufunsa dzina la mwanayo.

Lachinayi anaikira kena, kangati ka njiwa,
mkati madzi okhaokha.
Loweruka lalitali, lokwinyika ngati chigongono.
Alamu anga a Feresiya anaomba m'manja:
"Awa ndi malodza. Ikani madzi pamoto.
Yoikira zoterezi imangotha gaga."

Mawu amenewo ndikuwadziwa.
Ndinawamva kuseri kwa nkhokwe zaka zinayi zapitazo,
nditabwerako kachitatu kuchipatala cha pa boma
ndi beseni, zitenje zochapa,
kumsana kuli mphepo.
Tsiku limenelo sankanena nkhuku.

Kenaka dzira linakakamira.
Anayenda ngati wavala nsapato za eni,
kukhala, kudzuka, kukankha, osatuluka kanthu.
Kumbuyo kunasuzumira kanyama kofiira,
ndipo anzake ataona magazi anayamba kujompha,
anzake enieni, ogona nawo pamtanda umodzi.

Ndinamulowetsa m'nyumba.
Madzi ndinaikadi pamoto,
koma ndinawaphula asanawire.
Ndinamukhazika m'beseni lomwe lija,
chala ndachidzoza mafuta ophikira,
ndikunong'ona zimene ine palibe anandiuza:
pepa, usafulumire,
si mlandu wako.
Cha m'ma leveni usiku linatuluka, lophwanyika mbali imodzi.
Tonse awiri tinausa moyo.

A Sakala, alangizi a ziweto,
anabwera pa njinga yamoto yomanga ndi linya.
Anamupapasa pamimba, nafunsa chimene amadya.
Gaga, ndinatero.
Gaga yekha?
Gaga yekha.
Anapukusa mutu. "Mayi, chigoba sichigwa kumwamba.
Chakudya chikaperewera, thupi limatapa m'mafupa ake omwe.
Ameneyutu wakhala akudzigumula kuti inu mugule sopo."
Anati ndiwotche mafupa ndi zigoba za nkhono, ndisinje,
ndisakanize ndi soya wokazinga ndi fumbi la bonya,
ndimusunge pamdima masiku angapo, apumule kuikira.
Anati mwina achira, mwina ayi.
Za malodza sanatchule n'komwe.

Fumbi la njinga yawo litatsika
ndinatsala pakhonde ndi funso
limene sindinafunsepo munthu wovala zoyera:
nanga ine ndinkaperewera chiyani?
Ndani anandifunsa chimene ndinkadya
miyezi ija ndinkasoka fodya m'chigafa
kuyambira mbandakucha, mimba ili kutsogolo,
mutu ukuzungulira ndi fungo la masamba?
Mwina sizikugwirizana.
Munthu si nkhuku, ndikudziwa.
Komabe funsolo lakana kuchoka pakhonde.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.
Mtondo wanga ukulira mwachilendo, khwee, khwee,
a Feresiya akusuzumira pampanda
kuona mkazi wamkulu akusinjira nkhuku.
Chisa chilibe kanthu.
Makala akupalasa pansi pa mpapaya,
lipombo layambanso kufiira pang'ono,
ndipo sindikumuwerengera masiku.

Madzulo ano bambo a m'nyumba muno,
amene za beseni lija sanazitchulepo chiyambire,
abwera kudimba matope mpaka m'mawondo.
Apisa m'thumba la jekete,
atulutsa zigoba za nkhono zisanu ndi chimodzi,
azindandalika pafupi ndi phazi langa,
nalowa kukasamba.